Khadi la Selestina Silinalowe M'mbale

A Yoramu Sakala anaima pakhomo la tchalitchi cha ku Nkomeshya ndi mbale yachitsulo m'manja, monga ankachitira Lamulungu lililonse la Mgonero. Mkhristu aliyense wololedwa kudya Mgonero ankaponyamo khadi lake polowa. Mawa lake akulu a mpingo ankawerenga makhadiwo, ndipo munthu amene khadi lake silinaoneke ankayenera kufotokoza chifukwa chake.

Mwana wawo Selestina atafika, anapinda maondo pang'ono, napereka moni, nadutsa.

"Selestina," anatero a Yoramu motsitsa mawu. "Khadi."

"Lili m'buku la nyimbo, atate."

"Litulutse tsono. Anthu ali kumbuyo kwako."

"Lero ayi, atate."

A Yoramu sanafunsenso. Anangosuntha, naima pakati pa mwana wawo ndi amayi amene ankabwera m'mbuyo, kuti asaone dzanja lopanda kanthulo. Koma benchi sakanatha kuibisa. Selestina anakakhala kumbuyo kwenikweni, pamodzi ndi ana a kalasi ndi anthu awiri amene anali pa chilango, ndipo mitu ya maduku oyera inayamba kutembenuka.

Kutsogolo, m'busa Ezron Miti ananyema mkate. Anali asanathe miyezi iwiri ku Nkomeshya. Mpingowo, umene unayambitsidwa ndi mabanja ochokera kum'mawa pamodzi ndi eni dziko a Chisoli, unali usanakhalepo ndi m'busa wakewake. M'chaka cha 1956 akulu anagwirizana zoitana Ezron kuchokera ku Katete kuti akhale nawo miyezi itatu. Akakhutira naye, adzamulemba. Tsiku limene anatsika pa lole ali yekha, amayi anamufunsa kuti amayi abusa ali kuti. Iye anati, "Ali kwawo," ndipo onse anamva kuti adzabwera nyumba ikatha kufoleredwa.

Chifukwa cha ichi amayi anagawana masiku omutumizira chakudya. Selestina linamugwera Lachiwiri. Ankasiya dengu pakhonde n'kubwerera osakhala pansi. Koma dengulo linkabwerera kwawo mbale zitatsukidwa, ndipo tsiku lina mkombero wake umene unali wothothoka unabwera utamangidwa ndi luzi latsopano. Tsiku linanso anamuona akukoka nthambi ya minga panjira ya kuchitsime, osadziwa kuti pali womuyang'ana. Anazindikiranso kuti poimba ankachedwetsa nyimbo dala, kuti a Nason okalamba, amene mawu awo ankatsalira nthawi zonse, asamalize okha. Selestina sanachite kanthu kena koma kuona zimenezi. Koma anaziona kwambiri, mpaka anayamba kuwerenga masiku otsala kuti Lachiwiri lifike. Ndipo munthuyo, monga onse ankadziwira, anali mwamuna wa mwini.

Milungu itatu anapempha Mulungu kuti amuchotsere chinthucho. Sichinachoke. Nanga mkate wonyemedwa ndi manja omwewo akanaudya bwanji?

Mbale ya mkate ikuyenda m'mabenchi a kutsogolo, Ezron anakweza maso namuona kumene anakhala. Anatsitsa nkhope msanga, ngati kuti wogwidwayo anali iye.

* * *

Mayi ake a Selestina anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi azakhali ake, a Olipa, mlongo wawo wa a Yoramu. Atangofika kunyumba, a Olipa sanavule ngakhale duku. Anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Imirira bwino. Masula nsaluyo."

"Azakhali!"

"Nifuna nione na maso anga. Mwezi unaona liti?"

"Sabata yatha."

A Olipa anamuyang'ana m'maso, namugogoda pamimba ngati munthu woyesa dzungu kumunda.

"Mulibe. Ambuye atamandike. Nanga n'chiyani? Waba? Watukwana munthu?"

"Mtima wanga suli bwino."

"Mtima! Tonse tikanati tiziyamba tafufuza mitima, atate ako akanaima na mbale yopanda kanthu chaka chonse. Munthu umaponya khadi, udya, ulapa panjira popita kwanu. Udziwa zimene akuchita amayi kuja? Ayamba kale kuwerenga miyezi pa zala. Ena akuti ni Lawson wa lole. Ena akuti..."

"Akuti chiyani?"

"Akuti Lachiwiri dengu limachedwa."

"Silinachedwepo, azakhali. Sininakhalepo pansi ngakhale kamodzi."

"Ine nidziwa. Koma pakamwa pa munthu palibe chitseko."

Masana a Yoramu anangonena mawu ochepa, maso ali pa mpini umene ankasema. "Lachisanu akulu adzakhala. Udzabwere." Atatero anafukula mbatata zitatu paphulusa, nasankha yaikulu, naiika pafupi ndi phazi la mwana wawo.

* * *

Lolemba Selestina anapita kusitolo ya pamsewu waukulu kukagula mchere. Pakhomo panali lole yobiriwira, ndipo mwini chiwongolero chake, Lawson Daka, anali atatsamira chitseko akusenda nzimbe ndi mano. Lawson ankayenda pakati pa Lusaka ndi Katete sabata iliyonse. Anali atamufunsira Selestina kawiri, nakanidwa kawiri.

"Ba Selestina! Muli shani? Namva kuti mwasamukira ku benchi yathu ya kumbuyo. Mukananiuza, nikanabwera kukupukutirani fumbi."

"Nili bwino, a Daka. Nipatseni njira."

"Njira ni ya boma, pitani. Koma anthu akuti ni ine, mwamva? Ine nakondwera, olo sininalaweko kanthu. Tiyeni tingokonza, bodza lisanduke zoona. Nitume ankhoswe."

"Ninayankha kale."

"Munayankha. Ine manja a girisi, uja manja osalala otsegula mabuku. Muganiza sinipenya? Lachiwiri lililonse duku yochapa, mapazi odzola."

"Abusa ni munthu wokwatira. Muziopa Mulungu, a Daka."

Lawson anaseka mpaka nzimbe inamutsamwa.

"Wokwatira! Anakuuzani ndani? Ine ku Katete nimagona pafupi na mudzi wa mkazi wake, Mainess. Sabata yatha ninafunsako bwino. Mwamuna ali kusukulu ya ubusa zaka zitatu, mkazi anatenga mimba ya mesenjala wa paboma. M'busa wanu anabwera na pepala la ubusa, anapeza mwana ayamwa. Ukwati unathera pakhoti chaka chatha. Mpingo wa kuja unangomuyang'ana kumbali mpaka anachoka yekha. 'Ali kwawo!' Inde ali kwawo, na mwana wa mphuno ya mesenjala."

Selestina anagwira mzati wa khonde.

"Mwauza ndani?"

"A Fidelis, mkulu wa mpingo uja, m'mawa muno. Si ndiwo anapereka malo a tchalitchi? Afunika kudziwa amene aikamo."

Selestina anabwerera osagula mchere. Anayenda msanga mpaka pamene njira imalowa m'udzu wautali, naima. Chimene chinamuimitsa sichinali mawu a Lawson. Chinali choti, pamene anamva kuti ukwati unatha, chinthu choyamba kudumpha m'chifuwa mwake sichinali chisoni. Chinali chimwemwe. Mkazi mnzake anagwa, mwamuna anachititsidwa manyazi pamaso pa mudzi wonse, mwana anabadwa wopanda pomutchulira, ndipo iye, Selestina, mwana wa mkulu wa mpingo, anakondwera. Anagwada m'udzumo. Anangoti, "Ambuye, mwaona."

* * *

Lachiwiri anapempha azakhali ake kuti apereke dengu m'malo mwake. A Olipa anabwerako ndi kapepala kopindidwa panayi.

"Kanali pansi pa mbale. Werenga mokweza. Ine sininyamula makalata osadziwa chili m'kati."

Selestina anawerenga.

"Kwa a Selestina Sakala. Ngati azakhali anu angalole kubwera nanu, mawa dzuwa lili pamutu ndidzakhala pansi pa mkuyu wa kutchalitchi, poyera pamene aliyense angathe kutiona. Ndili ndi mlandu kwa inu. Ine, E. Miti."

"Mlandu," anatero a Olipa. "Chabwino. Tidzapita na mtedza, kuti nthawi isapite pachabe."

Anapitadi. A Olipa anakhala pakati pa awiriwo, lichero pamiyendo, namaswa mtedza. Ezron anakhala pamuzu, chipewa m'manja. Anali ataonda m'masiku atatu okha.

"Ninaona kuti simunadye Mgonero," anayamba. "Chifukwa chake nichidziwa. Munamva za ine, ndipo simunafune mkate wochokera m'manja mwa munthu wonama. Munachita bwino. Koma woyenera kukhala pa benchi ija ninali ine, osati inu."

"Sininadziwe kanthu tsiku lija, abusa. Namva Lolemba, kusitolo."

Ezron anamuyang'ana modabwa, koma Selestina anali atayang'ana pansi.

"Munabisiranji?" anafunsa a Olipa. "Ife tinasoka mpaka bulauzi yoyera ya amayi abusa. Ili m'bokosi, njenjete zikuidikira."

"Tsiku limene ninafika, amayi munaimba. Munanilanda katundu, munasenza pamutu, wina anathamanga kukanitungira madzi. Pakati pa zimenezo mawu anakana kutuluka. Amayi, mwamuna akanena kuti mkazi wanga anabala mwana wa wina, anthu sayang'ana mkaziyo. Ayang'ana iwe, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kufuna pamene pali poperewera. Ninati nidzanena mawa. Mawa lakhala miyezi iwiri."

"Munawasiya na mkwiyo?" Selestina anafunsa, osakweza mutu.

"Ninamupempha kuti tikhale, mwanayo nimulere ine. Anakana. Anati mnzakeyo adzamutengera kuboma, kunyumba ya malata. Amalume ake ndiwo anapita kukhoti." Anatembenuza chipewa. "Sinikunena kuti nilibe mlandu. Zaka zitatu ninamulembera makalata asanu okha, ndipo onse anali odzaza na maphunziro anga."

A Olipa anapitiriza kuswa mtedza.

"Koma ngati simunadziwe," anatero Ezron, "khadi lanu linatsaliranji?"

Selestina anapukusa mutu.

"Ni tchimo langa, abusa. Si lanu."

"Iyayi, ine ndine..."

"Ee, mwanitopetsa nonse awiri," anatero a Olipa, nagwetsa makoko pansi. "Uyu akuti wochimwa ndine, uyu akuti ndine. Mukulimbirana benchi ya kumbuyo ngati ni mpando wa bwanamkubwa. Abusa, mwanayu ninamulera ine, nimudziwa ngakhale atatseka pakamwa. Anabisa khadi chifukwa anaganiza kuti akusirira mwamuna wa mwini. Basi, nanena. Tsopano nenani zanu, mtedza ukutha."

Selestina anabisa nkhope m'nsalu. Akanakonda nthaka itatseguka.

A Olipa anatsokomola, nayang'ana Ezron.

"Mkombero wa dengu lija," anatero Ezron, "ninaumanga kawiri. Poyamba sunaoneke bwino."

"Ndizo zonse? Zaka zitatu kusukulu?"

"Amayi, mpingo ukanilemba, nidzatuma munthu kwa a Sakala monga mwa mwambo. Ukapanda kunilemba, nilibe nyumba, nilibe munda, nilibe dzina loitanirapo mwana wa munthu. Sinifuna kulonjeza chimene sichili m'manja mwanga. Koma Lachisanu nidzaima pamaso pa akulu, nidzanena zonse nekha, asananifunse."

Pochoka, anatola mtedza umene unagwera m'fumbi, naupukuta, naubwezera m'lichero la a Olipa.

* * *

Lachisanu akulu asanu anakhala m'tchalitchi. Selestina anauzidwa kudikira panja mpaka aitanidwe, ndipo anakhala pansi pa zenera. Mazenerawo analibe magalasi, choncho anamva zonse.

Ezron ananena monga analonjezera. Sanachepetse kanthu, ndipo dzina la Mainess analitchula mwaulemu. Atamaliza anapempha chikhululukiro chifukwa chobisa.

A Fidelis ndiwo anayamba. "Ine nifunsa chinthu chimodzi. Munthu amene nyumba ya zipinda ziwiri inamukanika, timupatse nyumba ya Mulungu?"

"Anali kusukulu," anayankha a Nason ndi mawu awo ochedwa aja. "Anamutuma kumeneko ni mpingo. Munafuna anyamule mkazi m'chikwama? Ng'ombe ikathyola mpanda, timanga mwini munda?"

"Mwini munda akabisa kuti mpanda unathyoka, timufunsa."

"Pamenepo walapa. Mwamumva."

"Namumva. Koma mawa banja likakangana, adzaliuza chiyani? 'Pirirani'? Adzamuyankha, 'Nanga inu abusa?' Adzadalitsa bwanji ukwati wa ana athu? Nanga amayi pa Lachinayi adzawatsogolera ndani?"

"Adzawauza zimene adziwa," anatero a Nason. "Ife tonse pano timalangiza zowawa zimene sitinalawe. Uyu analawa. Ine mwana wanga zitamuonekera, nikanakonda apite kwa uyu kusiyana na kwa inu, a Fidelis."

Wina anaseka, nasandutsa kusekako chifuwa.

"Malembo salamula kuti wolakwiridwa anyamule chilango cha womulakwira," anamveka a Yoramu motsitsa. "Pa chigololo, kulekana n'kololedwa. Icho tonse tidziwa."

Selestina anayamba kukhala ndi kachiyembekezo. Kenaka anamva dzina lake.

Analowa, nagwada pansi patsogolo pa akuluwo. Ezron anali atakhala pambali, maso pa mawondo ake.

"Mwana wanga," anatero a Fidelis, "khadi lako silinaoneke. Tiuze chifukwa. Unadwala?"

Khomo lothawira linali lotseguka. Akanangoti inde, nkhani ikanathera pomwepo. A Fidelis anafunsa motero mwina chifukwa cholemekeza a Yoramu. Koma anali atangomva munthu akulapa bodza la mawu awiri, ndipo sakanatha kuikapo lake m'nyumba yomweyo.

"Sininadwale, atate. Mtima wanga unapita kwa abusa, pamene ninali kuganiza kuti ali na akazi awo. Iwo sananiuze mawu alionse, sananigwire ngakhale dzanja. Ninali nekha. Ninaopa kudya Mgonero nili choncho."

A Yoramu anayang'ana zala za kumapazi kwawo. A Nason anapukusa mutu pang'onopang'ono, mwachifundo.

"Wanena zoona, ndipo Mulungu akudalitse," anatero a Fidelis. Kenaka anatembenukira kwa anzawo. "Mwamva nokha. Miyezi iwiri yokha. Munthuyu sanachite kanthu, koma mwana wa mkulu wa mpingo, wofatsa kuposa onse, wafika pa benchi ya kumbuyo. Nanga chaka chikatha? M'busa wopanda mkazi ni nkhokwe yopanda denga. Olo chimanga chikhale chabwino, mvula ilowa."

Apo m'pamene Selestina anazindikira chimene anachita. Choonadi chake chinasanduka ndodo m'manja mwa a Fidelis, ndipo womenyedwa nayo anali Ezron.

"Ngati vuto ni mkazi," anatero a Nason, "mkazi si uyu wagwada apayu?"

"Mkazi wake alipo, ali moyo," anayankha a Fidelis. "Ndipo Lawson waniuzanso china. Mesenjala uja anamusamutsira ku Lundazi, anapita yekha. Mainess ali kwa amalume ake na mwana, palibe womuyang'ana. Njira ilipo, abale. Abusa akatenge mkazi wawo. Pamenepo adzalalikira chikhululukiro na nyumba yawo, osati na pakamwa pokha."

Ezron anaimirira. Nkhaniyi inali yatsopano kwa iye, ndipo zinaoneka pankhope.

"Akulu anga, ninamukhululukira kalekale. Ngati ali na njala, nidzamutumizira chimanga. Koma ukwati unatha."

"Unatha pakhoti. Ife si khoti."

Anakambirana mpaka mthunzi wa mkuyu unafika pakhomo. Pomaliza anakweza manja. A Nason ndi mkulu wina anafuna kuti Ezron alembedwe monga analili. A Fidelis ndi mnzawo anafuna kuti ayambe alembera kwa amalume ake a Mainess. Onse anayang'ana kwa a Yoramu. Dzanja lawo linakwera kumbali ya a Fidelis.

Chigamulo chinali chotere. Mainess akabwera, Ezron namulandira, mpingo udzamulemba. Akabwera, Ezron namukana, adzachoka pa lole yomweyo. Koma Mainess akakana kubwera, akulu adzakhalanso pansi kuti aone za m'busa wopanda mkazi, kapena wofuna kukwatira wina.

Potuluka, Ezron anadutsa pafupi ndi Selestina. Sanamulankhule, popeza maso onse anali pa iwo. Anangokankha ndi phazi chitseko chimene chinkabwerera chokha, nachigwira mpaka iye atadutsa.

* * *

Maso a a Yoramu anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo kwa zaka ziwiri makalata onse a mpingo ankawalembera ndi Selestina. Loweruka m'mawa anatulutsa katebulo pabwalo, naikapo pepala, cholembera ndi botolo la inki.

"Lole inyamuka dzuwa lisanatenthe," anatero. "Khala."

Selestina anakhala. Sanagwire cholembera.

"Atate, munati kulekana n'kololedwa."

"Ninatero."

"Koma munakweza dzanja na a Fidelis."

"Ninakweza." A Yoramu anasisita mawondo awo. "Nikanakweza kwina, akanati Sakala wagula mkamwini na mpingo. Dzina lako lili m'kamwa mwa anthu, mwana wanga. Mkaziyo akabwera, lidzatulukamo. Akakana, palibe adzanene kuti tinamutsekera njira chifukwa cha iwe."

"Nanga akabwera, ine?"

A Yoramu anasuntha botolo la inki kuti likhale pafupi ndi dzanja lake lamanja.

Selestina anayang'ana pepala loyeralo. Atate ake sakanatha kuwerenga chimene angalembe. Akamuuza kuti awawerengere, akanatha kuwerenga mawu ena, pepala lili ndi ena. Sipankafunika ngakhale bodza lalikulu. Kalata youma, ya mawu ozizira, yokumbutsa mkaziyo pang'ono chabe kuti ku Nkomeshya onse akudziwa mbiri yake, ikanakwanira. Ndi mkazi uti angakwere lole masiku awiri kudzakhala kutsogolo kwa amayi odziwa manyazi ake? Mainess akanakana, akulu akanakhalanso pansi, ndipo a Nason akanalankhulanso.

Anaziona zonsezi bwinobwino, ndipo manyazi a m'udzu muja anamubwereranso.

"Lemba," anatero a Yoramu. "Kwa amalume a Mainess. Moni m'dzina la Ambuye. Ife akulu a mpingo wa ku Nkomeshya tamva zimene zinachitika pakati pa mwana wanu na abusa Miti. Sitilemba kuti tiweruze. Tipempha kuti mumulole abwere, akambirane na mwamuna wake. Nyumba ilipo, yafoleredwa. Mpingo wonse ukumudikira."

Cholembera chinaima.

"Wonse, atate?"

A Yoramu anatembenuzira nkhope kumunda.

"Lemba wonse."

Analemba. Atafika pamapeto anaviikanso cholembera, nawonjezera mzere wina. Kenaka anawerenga kalata yonse mokweza monga inalili, mpaka mzere womalizawo: "Abwere ndi mwana yemwe, asaope, palibe amene adzamutonze kuno."

"Izo sininanene," anatero a Yoramu.

"Nifufute?"

Atate ake anapukuta m'maso ndi chala chachikulu, ngati kuti mwalowa utsi.

"Zisiye."

Anasaina dzina lawo pamene Selestina anawaikira chala. Hutala ya lole inalira kumsewu, ndipo posakhalitsa Lawson anatulukira yekha pabwalo, chipewa chili chammbali. Anapereka moni kwa a Yoramu mogwada bwino, nalandira envulopu ndi manja awiri. Anayang'ana zilembo za pamwamba, nayang'ana Selestina, namwetulira.

"Dzanja lokongola, ba Selestina. Olo ine kalata yotere nikanabwera wothamanga." Anaiika m'thumba la malaya, namenyapo kawiri. "Musavutike kudikira yankho ya papepala. Lachisanu nibwera, ndipo kutsogolo kwa lole kuli malo a munthu mmodzi na mwana."